Mwala wa Amina m'chigubu cha achimwene

Amene mukufalitsa zoti achimwene anga a Yusufu ankangosewera ndi timiyala ta pamsewu ngati mwana, lekani bodza. Achimwene, lero chakwana chaka chichokereni inu, ndipo ndikadakuonanibe kuseri kwa shopu yanu ku Area 1, chigubu chanu chosalazira miyala chikuzungulira pa mota ya fani yakale. Tsiku lija munathiramo madzi, mchenga ndi timiyala ta kwale, kenako mwala wobiriwira uja munagula ku Mzimba. Nditakusekani munati, "Iwe, mwala wabwino ukamagubuduka wokha umasweka. Timiyalati ndi alonda ake." Munati ukasalala udzakhala wa mwana wanu Amina.

Amalume a ku Area 14 ndi amene anatsegula chigubucho ali okha, ife tili kumanda kokuikani inu, n'kutiuza kuti anapezamo timiyala ta kwale tokhatokha. Ndikafunsa amati ndili ndi mkwiyo chifukwa yunivesite inandikanika. Digiri ndilibedi, koma maso ndili nawo. Amina sanalandire kanthu. Dzulo ndinakumana ndi akazi a amalumewo kumsika wa Tsoka akusankha kaunjika. Pakhosi pawo panali mwala wobiriwira, wosalala bwino.