Lole ya Feteleza Itafika pa Sabata

Ndikukumbukira Sabata lina mvula yoyamba itagwa, ndili Sitandade 4, kwathu kufupi ndi Chamama. Nthaka inkanunkhira, chimanga chinali chitamera, koma feteleza wa makuponi anali asanafike kudepoti. Amene munakulira kumudzi zaka zimenezo mukudziwa. Kuponi inali kapepala chabe. Kuti isanduke thumba umayenera kukhala kutsogolo kwa mzere lole ikangofika, chifukwa matumba ankatha anthu akadali chiimire. Munda wathu unali wamchenga, wotopa ndi fodya. Popanda feteleza chimanga chinkalekera m'chiuno n'kuchita chikasu, basi.

Abambo anga anali mkulu wa mpingo. Katchalitchi kathu kanali ka njerwa zosawotcha, mipando yake youmba ndi dothi. Abusa ankabwera nthawi ya mgonero yokha, choncho masabata ambiri ankalalikira ndi abambo. Loweruka lonse ankayenda m'mizere khasu lili paphewa, akuyeserera ulaliki pamaso pa nyerere. Jekete anali nalo limodzi, lakuda koma lofiirira m'mapewa, ndipo amayi ankalisita ndi ayironi ya makala atayala kansalu konyowa pamwamba.

Tsiku limenelo anawerenga kumapeto kwa kalata imene Paulo analembera Timoteo ali m'ndende. Alaliki ambiri amapadumpha pamenepo chifukwa pali maina okhaokha. Abambo ankawadziwa anthu amenewo ngati a m'mudzi mwathu. Anatiuza za Dema, amene anamusiya Paulo chifukwa chokonda za dziko lino. Anatiuza za Tukiko amene anatumidwa kumzinda wina, ndi za Luka amene anatsala yekha ndi mkaidiyo. Anafika mpaka pa chofunda chimene Paulo anasiya kwa mnzake, n'kutiuza kuti m'ndende mumazizira ngati kudambo mwezi wa Juni.

Atangoyamba kumukalipira Dema, kumsewu kunamveka lole. Sinali ya fodya, msika unali utatsekedwa kalekale. Inkalira molemedwa, ikulowera kudepoti. Manong'onong'o anayenda mpando ndi mpando. Kugulitsa kunali kwa mawa lake, Lolemba, koma mzere unkayamba nthawi yomweyo.

Anayamba ndi azibambo a kumbuyo, aliyense akutsokomola ngati akukalavula panja. Kenako azimayi a makanda. Ndinaona ndi maso anga mayi wina akutsina mwana wake kuti alire, apeze chotulukira. Akwaya sanadzivute n'kunamizira, anangotuluka onse pamzere ngati mmene ankalowera.

Abambo anakweza mawu. "Dema anakonda dziko lino!"

Otsalawo anayankha kuti ame, maso ali kukhomo.

Amayi anali kutsogolo, mbali ya azimayi, atabereka mlongo wanga wakhanda. Anapirira mpaka pamene anatha. Kenako anadzuka, osatsokomola, osatsina mwana. Anapita pagome pamene abambo anaima, anagwada, n'kutambasula manja awiri. Makuponi athu anali m'thumba la m'kati mwa jekete lija. Abambo analekeza mawu pakati. Anayang'anana. Ndinkadziwa kuti akakana, Febuluwale tidzadya maungu ndi masamba ake. Ndinkadziwanso kuti akapereka, ndiye kuti ulaliki wawo wagonja pamaso pawo. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa timapepalato, n'kupereka akuyang'ana kudenga. Posakhalitsa tinamva tcheni cha njinga yathu chikulira panja.

Tinatsala atatu. Ine ndinatsala chifukwa abambo anandiponyera diso limene ndinkalidziwa. Panali gogo wina wosamva, amene mwina sanadziwe n'komwe kuti kwachitika zotani. Wachitatu anali a Likoswe, tenanti wa pa esiteti ya fodya, wochokera ku Phalombe. Matenanti sankalembedwa m'mudzi, choncho analibe kuponi yoti aithamangire. Ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti anali mngelo. Komabe akanatha kupita kukagona. Sabata lonse anali atawerama m'munda wa bwana kuwokera fodya, ndipo zala zawo zinali zong'ambika.

Abambo anayang'ana mipando yopanda anthu. Pena panatsala chitenje, pena nsapato imodzi ya mwana. Anatseka Baibulo. Ndinkafuna nthaka itseguke ndilowe.

"Pitirizani, akulu a mpingo," anatero a Likoswe. "Mwatiuza za wothawa yekha. Ife tikudikira za wotsala uja."

Abambo anatsegulanso. Sanakuwenso. Anayankhula ngati ali pakhonde ndi anzawo. Anati kalatayo siinena kuti Luka analalikira m'ndendemo kapena kuti anadula maunyolo. Imangoti analipo. Mwina ankatunga madzi, mwina ankachapa malaya, mwina ankangokhala phee pambali pa nkhalamba yomva chisanu. A Likoswe ankagwedeza mutu. Mapemphero anachitika onse, palibe chimene chinadumphidwa. Tinaimba nyimbo yotsekera anthu anayi, gogo uja akuimba ina yake. Abambo anawerenga ngakhale zolengeza, kutiuza atatufe kuti Lachinayi kuli kulambula kumanda.

Amayi anabwera Lolemba dzuwa litapendeka, akukankha njinga, matumba awiri atamangidwa ndi mphira. Fumbi linali mpaka m'nsidze. Anagona pakhonde la depoti, mwana ali pachifuwa. Ambiri amene anatuluka patsogolo pawo anabwerera chimanjamanja, chifukwa usiku anapita kukagona kwawo atasiya miyala pamzere, ndipo m'mawa anapeza miyalayo ili kutchire.

Abambo anali pansi pa mtengo wa mango, akunola khasu lomwe silinkafuna kunola.

"Mwabwera, a Dema?"

"Dema ndani?" anatero amayi, akutsamiritsa njinga pakhoma. "Ine ndinamvetsera bwinobwino. Si onse ochoka amene anathawa. Wina uja anachita kutumidwa."

"Inu anakutumani ndani?"

"Kodi makuponi ndinachita kukulandani? Munapereka nokha, pagome la Mulungu, a Likoswe akuona."

Abambo anayesa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa malaya. Anamasula matumba, kenako anachita chimene sindinachionepo. Anakoleza moto okha n'kuwatenthetsera amayi madzi osamba. Ananyamula ndowa mpaka kubafa, akuyang'ana uku ndi uku kuti anzawo asawaone.

Chaka chimenecho chimanga chathu chinapitirira mutu wa abambo. Chachiwisi choyamba kuthyola anandituma nacho kwa a Likoswe. Fodya atagulitsidwa iwo anakwera lole ndi banja lawo kubwerera kwawo, ndipo sitinawaonenso.

Lero zasintha. Makuponi a pepala anatha, maina amatuluka m'makina, ndipo lathu silituluka. Sukulu ndinalekera Fomu 2, musandifunse zambiri. Anzanga amene tinkalumbirirana kuti sitidzatayana ali ku Joni, manambala awo sagwiranso. Tchalitchi chili ndi malata ndi zokuzira mawu, koma alaliki ake amangonena za madalitso amene akubwera, ine n'kumayang'ana nsapato zanga. Ndilibe nazo mtima zimenezo.

Abambo miyendo inafooka, salalikiranso. Sabata lililonse amayi amagogoda pachitseko changa kuti ndiwakweze abambo panjinga kupita nawo kutchalitchi, chifukwa amayiwo msana suwalolanso kukankha. Ndimayankha ndili m'bulangeti kuti lero sindipita, apeze wina. Amayi amangopita kukasita jekete. Akamamaliza, ine ndimakhala ndili panja, ndikupopa matayala.