Kumene a Utuchi Ankapita Lamlungu

A Utuchi anagwira ntchito pa makina ochekera matabwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo, chifukwa ngakhale asambe chotani, utuchi sunkachoka m'nsidze mwawo. Anali munthu wa phee, wosamwa, wosasuta, wofika pakhomo dzuwa lisanalowe. Ndiye mwamuna wotere akayamba kusowa, mkazi angalekerenji kudabwa?

Zinayamba chaka chatha. Lamlungu lililonse akangodya, ankapopa njinga n'kunena kuti akukawongola miyendo. Pobwera madzulo, buluku linali matope mpaka m'mawondo, nkhope ili ngwee ngati munthu amene wakhuta kwina. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, ndiwo ankachapa bulukulo. Ankalinunkhiza, ankapisa m'matumba monse, osapezamo kalata kapena fungo la mafuta odzola. Tsiku lina anapezamo nthenga yoyera, ndipo nayonso inawapsetsa mtima. Munthu wa imvi kumatola nthenga! Wamuphunzitsa ndani zachibwana zimenezi?

Pakhomonso zinthu zinali zitasintha. Ukawauza za denga lodontha, a Utuchi ankangoti eya n'kumwetulira. Ukawaitana ali m'chipinda, zii. Mayiwo zinkawawawa kwambiri, poti zaka zonsezi anali asanapeputsidwepo chonchi.

Mng'ono wa mayiwo sanachedwe kugamula mlandu. Anati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo kuseri kwa nkhalango kumene njingayo inkalowera sikungalephere kukhala kamkazi. Mayiwo analongedza chikwama n'kuchikankhira pansi pa bedi. Anatsimikiza kuti ukwati watha, koma sachoka asanamuone ndi maso awo mkaziyo.

Lamlungu lotsatira anabwereka njinga kwa mnansi n'kulondola mkukuluzi wa matayala. Msewu unadutsa pamauvuni a njerwa, unachepa, mpaka unasanduka kanjira. Njinga ya amuna awo anaipeza itabisidwa patchire. Wobisa njinga ali ndi chobisa china, anatero mumtima, nalowa m'nkhalango wapansi. Munali mozizira, monunkha masamba owola. Nthaka inayamba kufewa, matope anawalanda silipasi imodzi, iwo osaifunanso. Njira yonse ankayeseza mawu oti akamulalatire mkaziyo.

Mwadzidzidzi mitengo inapatuka. Panali dambo lalikulu, madzi ake akuda, ali bata, mitengo yonse ikuonekera m'menemo chadodolido. Maluwa oyera anayandama pakati pa masamba otambalala, atombolombo akuuluka pamwamba pake, akakowa ataima m'mbali mwa bango. Mayiwo anaima kukamwa kuli yasa. Kenako mkwiyo unabwerera ndi mphamvu: malo okongola chonchi, ine sananditengereko n'kamodzi komwe, akutengerako wina!

A Utuchi anali atakhala pa chipika, nsapato zili pambali, mapazi ali m'madzi. Anali okha. Mayiwo anabisala kuseri kwa mtengo, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bango likangogwedera, mtima unkati ndi ameneyo. Udzudzu unawadya miyendo, dzuwa linapendeka, koma sikunabwere munthu.

Atatopa anatuluka, naima kumbuyo kwa amuna awo, mwina mapazi asanu okha.

"Bambo, ali kuti mnzangayo?"

Anafuula mwakuti akakowa onse anabalalika. A Utuchi anangokweza mutu kuyang'ana mbalamezo zikupita. Mayiwo anaitananso, mokweza kuposa poyamba. Bamboyo sanacheuke. Mpaka anachita kuwagwira paphewa, ndipo a Utuchi anadzidzimuka, pang'ono n'kugwera m'madzi.

Zotsalazo anafotokoza okha, maso ali pamilomo ya akazi awo. Makina anali atawadya makutu. Lakumanzere linafa kale, lakumanja linkangolira mluzu usana ndi usiku. Sanauze munthu, poopa kuti abwana akamva awachotsa pa makinawo, komanso manyazi. Anati kunyumba ndi kuntchito aliyense akayankhula, iwo amangolota yankho, ndipo pofika Loweruka mutu umakhala utatopa. Kudambo kuno kulibe wowafunsa kanthu, maso okha amakwanira.

Mayiwo anafuna kukalipa, kuwafunsa ngati zaka zonsezi anakwatira mlendo woti n'kumubisira matenda. Koma anagwidwa ndi chisoni, ndiponso manyazi aakulu pokumbukira zimene ankaganiza m'njira muja. Anangokhala pa chipikapo, phazi limodzi lopanda silipasi.

Dzuwa litatsikira kuseri kwa mitengo, achule anayamba. Woyamba, wachiwiri, kenako dambo lonse linawirira, phokoso loti munthu n'kutseka makutu. A Utuchi ankayang'ana madzi mwamtendere.

"Mukanabwera chaka chatha, mayi, mukanamva achule," anatero. "Nthawi ngati ino ankasokosa zedi pano. Kaya anasamukira kuti."

Mayiwo anaganiza zongovomera kuti asamukadi. Koma bodza linali litawavutitsa kale mokwanira. Anawagwira chibwano, nawatembenuza kuti aone milomo yawo.

"Alipo, bambo. Akulira pano pomwe."

A Utuchi anapendeketsa mutu, khutu lakumanja kuloza kubango, namvetsera nthawi yaitali. Kenako anatulutsa mapazi m'madzi n'kuyamba kuvala nsapato.