Ndi Penti Chabe

Chaka chija matenda anatitsekera tonse m'nyumba, ine ndi amuna anga tinkakhala ku Landover, ku Amereka kuno, m'kanyumba ka chipinda chimodzi, pansanjika yachiwiri. Ntchito yanga inali yosamalira agogo ena achizungu ku Bethesda: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwayendetsa pang'ono panja. Matenda aja atafalikira, mwana wawo wamkazi anandiuza kuti ndiyambe ndaima, poti munthu wokwera basi ndi sitima tsiku ndi tsiku angawatengere imfa. Potsanzikana anandipatsa katoni yodzaza mabotolo a penti ndi timatabwa tokungidwa nsalu yoyera, zimene agogowo ankasewera nazo manja asanayambe kunjenjemera. Ndinathokoza mwaulemu. Mumtima ndinati, kodi penti amadyedwa?

Amuna anga nawo anawaimitsa kuntchito yawo yonyamula katundu. Ndiye tinatsala awiri, maso ndi maso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Abale inu, munthu umamudziwa bwino akasowa kolowera.

Sindinama kuti dzanja lawo linayamba nthawi imeneyo. Mbama ndinali nditazilawa kale, koma zinkabwera patalipatali, poti aliyense ankafika pakhomo ali wotopa. Tsopano zinayamba kubwera ngati chakudya. Mchere ukachepa, mbama. Ndikaseka pafoni, chibakera. Ndikayankha, poti ine pakamwa ndili napo ndipo sindinapabise ngakhale pachinkhoswe, ankandigwira pakhosi n'kundikanikiza pafiriji mpaka m'maso kuchita mdima. Akandisiya ankakakhala pasofa n'kukweza wailesi yakanema.

Katoni ija ndinaitsegula tsiku lina chifukwa cha manja angawa. Ndi mkwiyo umene ndinali nawo, ndinaopa kuti ndikawasiya chabe agwira mpeni. Ndinafufuza pafoni zimene munthu wosadziwa kujambula angachite ndi penti, ndipo ndinapeza azimayi ena akungothira penti pathabwa, opanda burashi, opanda pensulo. Ndinati asa, izi zokha ndingalephere? Kuthira?

Ndinalephera. Thabwa loyamba linatuluka ngati madzi a m'ngalande ya ku Ndirande mvula ikagwa. Kani penti ameneyu safuna phuma. Mtundu uliwonse umausungunula m'kapu yakeyake ndi guluu woyera ndi timadzi, n'kuvundula mpaka uziyenderera ngati phala la mwana. Kenako umathira mitunduyo m'kapu imodzi, wina pamwamba pa unzake, osavundulanso. Ukatero umavundikira kapuyo pathabwa mwamphamvu, phwa! n'kuidzutsa, penti n'kumwazika. Umapendeketsa thabwalo uku ndi uku mpaka penti afike m'mbali monse n'kumadontha. Likatero ulisiye pamalo osapendekeka masiku angapo, osaligwira ngakhale ndi chala.

Kumenya kwa kapu kuja ndiko kunandigwira mtima. Akandimenya m'mawa, masana ine ndinkamenya thabwa, ndipo thabwa linkandibwezera maluwa. Tsiku lina ndinadontheza mafuta anga a tsitsi m'kapu, monga ndinaonera pa vidiyo ina, ndipo penti anaphulika timaso timaso, mawanga ngati a nkhanga, ofiira mkati mwa oyera. Ndinafuula, "Mayo ine, taonani!" Amuna anga anangoti, "Ukusokosa."

Matabwa a agogo aja atachepa ndinayamba kuthira pa chilichonse: zivundikiro za ndowa, mbale zong'aluka, makatoni odula. Zouma ndinkazilowetsa kunsi kwa bedi. Makapu ndinkawatsuka msangamsanga, chifukwa penti ameneyu akauma wauma, madzi samuuza kanthu. Ungakhule mpaka zala kutupa, iye amangokhala gwa ngati pulasitiki. Mabulauzi anga abwino anathera pomwepo. Khoma la pafupi ndi tebulo nalo linadzaza madontho, makamaka ofiira, poti wofiira ndiye ndinkamuthira kwambiri.

Kutchalitchi kwathu kuli amayi ena aakulu amene tonse timawatchula azakhali, ngakhale si abale anga. Agwira ntchito yosamalira odwala kuno zaka zambiri. Popeza ankhoswe athu enieni ali kumudzi, iwo ndiwo ankaimira kuchikazi kuno. Loweruka lina masana anabwera kudzatisiyira ufa ndi nsomba zouma. Anaima patali ndi chitseko, masiki kukamwa. M'mawa womwewo amuna anga anali atanding'amba khutu pokoka ndolo, ndipo pakolala ya bulauzi yanga panali pofiira.

"Nanga apo, mwana wanga?" anafunsa azakhali, akuloza.

Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anayankha ali kumbuyo kwanga, dzanja lawo lili paphewa langa. "Ndi penti chabe, azakhali. Mwana wanuyu wasanduka mmisiri masiku ano."

Anaseka. Azakhali anaseka. Nane ndinaseka, zala zawo zikulowa m'mnofu wa phewa langa.

Kuyambira pomwepo mawu aja anapeza ntchito. Pathaulo, penti. Papilo, penti. Nditaimbira pa vidiyo amalume anga kumudzi, nkhoswe yanga yeniyeni, n'kuwauza kuti munthuyu andipha, amuna anga analanda foni n'kuizungulitsa m'nyumba. "Taonani, amalume, nyumba ya eni ake waisandutsa chiyani. Ndikamulankhula akuti ndikumuzunza." Amalume anaona makapu, madontho, makatoni ali mbwee, anapukusa mutu. Anati banja ndi kupirira, ndipo mkazi wamkulu sasewera ndi matope ngati mwana. Ndinapsa mtima mpaka kulira. Chinthu chokhacho chimene chinkandipumitsa m'nyumbamo, iwo anachisandutsa bulangete lofunditsa nkhanza zawo.

Mwina mukuti bwanji sunaimbire apolisi. Ndinaganizapo kangati! Koma mkazi woitanira mwamuna wake apolisi kuno, mbiri yake imafika kumudzi iye asanaike foni pansi. Ati wamuonongera mapepala okhalira kuno mwana wa eni, ati Amereka yamulowa m'mutu. Amayi anga akanayenda bwanji kumsika? Ine ndinkafuna kutuluka m'nyumba imeneyo ndili moyo, komanso akuluakulu atavomera ndi pakamwa pawo kuti sindikunama.

Tsiku limene anandithyola dzino kunali dzuwa labwino. Ndinali nditathira thabwa langa lomaliza, lokongola kuposa onse, buluu ndi woyera, wofiira akudutsa pakati. Linali patebulo, likadali lonyowa. Nthawi ya chakudya chamasana amuna anga anati ndilichotse. Ndinati silinganyamulidwe, lero tidyere pasofa.

"Ndidyere pamiyendo m'nyumba mwanga?"

"Miyendoyo mukuisungira chiyani, bambo? Ikupita kuti?"

Ndinali ndisanatseke pakamwa. Anandigwira tsitsi, ndinali nditaluka, n'kulikulunga m'dzanja ngati chingwe cha mbuzi. Anandimenyetsa nkhope kukhoma. Dzino ndinalimva m'mutu momwe, thyo! Anandikoka n'kundimenyetsanso. Mphuno inatseguka. Ndinawakanda pamkono, ndinawaluma, ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano, koma anandikhula nkhope pakhoma mpaka miyendo inandithera mphamvu. Nditagwa anandiponda m'nthiti. Kenako anatenga thabwa lija, analivundikira pansi n'kuliponda nalonso. Atatero ananyamula mbale yawo n'kukadyera pasofa.

Masiku onse ndinkapukuta ndekha mofulumira, ngati wolakwa ndine. Tsiku limenelo ndinakolopa pansi, poti penti akanauma, koma khoma ndinalisiya dala. Mzere unatsika kuchokera pamene nkhope yanga inagunda, kudutsa pakati pa madontho a penti, n'kuuma pomwepo. Amuna anga sanauone n'komwe. M'nyumba imeneyo chofiira chilichonse chinali chitasanduka penti ngakhale m'maso mwawo.

Ndinaimbira azakhali ndili m'bafa, nditatsegula madzi kuti amuna anga asamve. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine ndamva, bwerani ndi nkhoswe ya kuchimuna tikhale pansi, apo ayi mudzabwera kudzanyamula maliro.

Anachedwa, poti anthu ankaopa kulowa m'nyumba za anzawo. Pamene ankafika, Lamulungu lina masana, kutupa kunali kutaphwa. Azakhali anabwera ndi abambo ena a ku Zambia, mkulu wa mpingo, amene amuna anga amawatchula achimwene. Iwo ndiwo ankaimira kuchimuna. Amalume tinawaimbira pa vidiyo, foni titaitsamiritsa pachitini cha shuga patebulo. Mawindo tinatsegula.

Ndinavula masiki, ndinawaonetsa dzino, ndinafotokoza zonse osasiyako. Amuna anga anamvetsera manja ali pamaondo ngati ali pa mgonero. Itafika nthawi yawo analankhula mofatsa, ndi mawu amene ine ndinali ndisanawamve chiyambire matenda.

"Akuluakulu, mkazi wangayu ndimamukonda. Anaterereka pa penti wake yemweyu n'kugwa chafufumimba pansi apa. Ndinamudzutsa ndine. Akuti ndinamumenyetsa kukhoma? Khoma ndi ili. Onani nokha. Paliponse penti."

Onse anatembenuka. Anaona madontho ofiira, abuluu, achikasu, ndi mzere uja woderapo pakati. Abambo a ku Zambia anagwedeza mutu. "Manje, alamu, tonse talema na kunkhala mu nyumba. Satana apezerapo mpata. Mukhululukirane, nkhani isile." Amalume pafoni anati pentiyo atayidwe, ndiye gwero la zonse. Azakhali anayang'ana pansi n'kunena kuti mwamuna ndi mutu wa banja, tiyeni tipemphere.

Tinapemphera. Ine maso sindinatseke. Ndinadziwa kuti anthu awa akangotsika masitepe, ine ndilipira mawu alionse amene ndalankhula. Atati ameni, amuna anga anamwetulira n'kunena kuti, "Mayi, alendo asambe m'manja, adye."

Ndinapita kukhitchini. Ndinatenga beseni loyera, jagi ya madzi ofunda ndi thaulo loyera, monga anandiphunzitsira amayi anga. Azakhali anali atatambasula kale manja. Ndinawadutsa. Ndinaika beseni m'munsi mwa khoma lija, ndinathira madzi, ndinanyowetsa thaulo n'kuyamba kukhula.

"Iwe, ukutani?" anatero amuna anga.

Ndinayamba ndi madontho. Ndinakhula ndi mphamvu zanga zonse kuti aliyense aone. Wofiira anakhala pomwepo, wabuluu pomwepo. Ndinakweza thaulo m'mwamba, loyera mbee. Kenako ndinalinyowetsanso n'kuliika pamzere uja. Sindinachite kulimbana nawo. Unasungunuka wokha n'kuyenderera kutsika khoma, thaulo linafiira. Ndinafinyira m'beseni, ndinapukutanso, ndinafinyiranso, mpaka madzi anakhala ngati otsukira nyama. Pakhoma panatsala madontho a penti okhaokha, ndi malo oyera ofanana ndi msinkhu wa nkhope yanga.

Ndinanyamula beseni ndi manja awiri, ndinagwada pamaso pa azakhali.

"Sambani, azakhali. Ndi penti chabe."

Anabweza manja ngati apsa. Amuna anga anadzuka, mpando unagwa, chibakera chili kale m'mwamba, ataiwala kuti pali anthu. Abambo a ku Zambia anawagwira pachifuwa n'kuwakankhira kukhoma, akukuwa, "Iwe! Pamaso panga?" Amalume ankangofuula pafoni, "Kwachitika chiyani kumeneko? Ine sindikuona!" Ndinatenga foniyo n'kuiweramitsa pabeseni, kenako ndinailozetsa pakhoma. Anaona zonse. Atalankhula, mawu awo anali a munthu wokalamba.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, tuluka m'nyumba imeneyo."

Ndinatenga chikwama chimodzi ndi katoni ya penti. Azakhali anandithandiza kutsitsa pamasitepe. Titalowa m'galimoto mwawo anakhala atagwira chiwongolero, osaliza injini. Anavula masiki.

"Tsiku lija ndinabwera ndi ufa," anatero. "Ine ndapukuta magazi a anthu zaka zonsezi. Ndinadziwa, mwana wanga. Ndinadziwa pomwe paja pakhomo."

Ndinawayang'ana. Lilime linangopita lokha pa dzino lothyoka lija.

"Lizani galimoto, azakhali," ndinatero.