Malume Amaimba ndi Phazi

Malume anga ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa okonza mafoni ndi ometa tsitsi, kakang'ono moti ukabwera ndi chikwama chachikulu, wina mwa inu awiri amatsala panja. Muli makina osokera akuda opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, galasi long'aluka pakona, ndi gitala wopachikidwa pamsomali pamwamba pa masiketi odikira eni ake.

Pamene ndinkapita kunja kwa dziko zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mumsewu umenewo panalibe wowatchula kuti a Telala. Onse ankati a Limodzi, chifukwa dzuwa likangopendeka ankaponya tepi yoyezera patebulo n'kuuza woyandikana naye kuti, "Ndikangomwa limodzi, ndibwera pompano." Pompano wakeyo ankakwana mawa lake, munthu ali chosavala nsapato. Azakhali, akazi awo, amati nsapato za malume zinavekapo theka la tauni. Kumowako ankawakonda kwabasi, poti akafika pabotolo lachitatu ankatenga gitala n'kuimba mpaka ogulitsa kuiwala makasitomala.

Nditabwerako ndinapeza munthu wina, wamasaya, wamaso oyera, atatha zaka zitatu osalawa ngakhale dontho. Wosokonekera tsopano ndinali ine. Ntchito inali isanapezeke, pakhomo sindinkakhazikika, ndipo chilichonse ndinkachiona chochedwa: basi, intaneti, ngakhale moni. Malume anandipatsa dzina loti Adona, n'kundiikira kampando pakhomo la shopu kuti ndizidandaulira pamenepo.

Ndi pakampando pomwepo pamene ndinamva nyimbo yoyamba. Inali cha m'ma fili koloko masana, malume akupinda siketi ya sukulu, makina akuti tchaka-tchaka-tchaka, ndipo mwadzidzidzi mawu anangotuluka, okhuthala, osafulumira:

"Ndadzuka m'mawa, nsapato zanga zilipo,
zonse ziwiri, zikundiyang'ana pakhomo.
Mutu ndi wanga, dzina ndi langa,
mkazi wandipatsa moni osanunkhiza kaye."

Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinapeza kuti misoziyo sikusiya.

Mbiri yake anandiuza ndi azakhali tikuchapa. Malume anasiya mowa tsiku limene anadula deresi la mkwatibwi manja akunjenjemera ndi matsire, sizasi n'kulowa pamene sinayenera kulowa. Mtsikanayo sanakalipe. Anangokhala pansi m'shopumo n'kumalira mwakachetechete, ndipo malume akuti kulira kumeneko kunawapweteka kuposa mbama. Koma kusiya n'kwina, chibaba n'china. Nthawi ija ankanyamukira kumowa ikakwana, thupi lonse linkawaitana. Mankhwala anawapeza okha: kukhala pamakina n'kumapalasa mpaka chibabacho chitadutsa.

"Vuto linali ntchito," anatero azakhali akufinya malaya. "Munthu anaononga deresi la ukwati, ndani akanamubweretsera nsalu? Ndiye ine usiku ndinkasomola misoko ya mapilo, makatani, ngakhale matumba a mabuluku awo omwe. M'mawa, 'Bambo, taonani izi zang'ambika.' Chaka chathunthu ankangoti m'nyumba muno muli makoswe."

Nyimbo zonse zinabadwira pamakinapo. Zinalipo khumi.

"Malume, tijambule chimbale," ndinawauza tsiku lotsatira.

"Adona ayamba," anatero ulusi uli kukamwa.

"Sindikuseka. Kunja anthu amajambula zinthu zosafika n'komwe apa."

Analowetsa ulusi pasingano. Kenako anati, "Mwana wa mlongo wanga, ndikuuze zoona. Chibadwire sindinaimbepo pamaso pa anthu ndili bwinobwino. Amene ankaimba uja ndi Limodzi. Ineyo sindikudziwa ngati mawuwa ndi anga kapena ndinkabwereka m'botolo."

Ndinawatsimikizira kuti zonse ndikonza ine, ndipo ndinakonzadi monga ndinkadziwira. Ndinafufuza situdiyo yabwino kuposa zonse, ya pamwamba pa sitolo ya penti, yamakoma omatidwa masiponji, yoti ukatseka chitseko ngakhale lole idutse pansi sumva kanthu. Ndinawagulira shati yatsopano. Ndinawaletsa kutenga tepi yoyezera m'khosi. Ndinkafuna aoneke ngati woimba, osati telala.

Mwini situdiyoyo, amene aliyense amangomuti Injiniya, ndi mwamuna wamtali, woyankhula mofulumira, wovala buluku lalitali lokwekwereza pansi ngati tsache. Anawakhazika malume pampando wautali m'kachipinda kagalasi, n'kuwaveka zomvera m'makutu.

"Achikulire, muzimva kakuti thi, thi, thi. Muzitsatira kameneko. Tiyeni."

Malume anakhwacha gitala, anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati chitseko chadzimbiri. Anayambiranso. Anaiwala mawu. Anayambiranso, n'kuthamanga kusiya kathi-thi kaja m'mbuyo. Pofika ulendo wa khumi ndi chiwiri shati yatsopano ija inali itamatirira kumsana.

"Muno muli zii ngati m'bokosi la maliro," anadandaula. "Ndikumva mtima wanga womwe."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Fili koloko inali itakwana.

Injiniya sankadziwa mbiri yawo, ndipo kulakwa kunali kwanga posamuuza. Anatsegula dirowa, anatulutsa kabotolo, n'kukaika patebulo pafupi ndi maikolofoni.

"Musadandaule, achikulire, oimba ambiri amayamba anyowetsa kukhosi. Kamodzi kokha, mawu atseguke."

Malume anakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Ndinaona phazi lawo lamanja likukwera ndi kutsika pakapeti, likupalasa mphepo. Kenako anavula zomvera zija, anatsamiritsa gitala kukhoma, n'kunena mawu amene ndinali ndisanawamve chibwerereni.

"Ndibwera pompano."

Anatsika masitepe. Ndinathamangira pawindo. Tsidya lina la msewu kunali malo omwera, chitseko chili pululu, nyimbo zikumveka. Malume anawoloka msewu n'kuima pakhomo pomwepo. Wina m'katimo anawazindikira n'kukuwa, "A Limodzi! Mwauka kwa akufa?" Ndinawaona akukweza dzanja kupereka moni, akuyang'ana pansi, pansapato zawo. Kenako anakhota n'kulowera kumsika, ndipo khamu linawameza.

Foni ya azakhali inangoitana osayankhidwa. Ndinamufotokozera Injiniya zonse, iye anagwira kumutu n'kubweza kabotolo kaja m'dirowa mofulumira ngati kakutentha. Kumsika nakonso kuli malo omwera, ndipo ndinkawawerenga mumtima amodziamodzi.

Patatha mphindi makumi anayi tinamva phokoso pamasitepe, kugunda kwa chitsulo, ndi mawu a azakhali: "Kwezani mbali yanuyo, bambo, mundiswa chala!"

Analowa atanyamulizana makina osokera, miyendo yake yachitsulo ndi lamba yemwe. Malume anali wefuwefu, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ndinati pompano," anatero akundiyang'ana. "Wadabwa chiyani?"

"Achikulire, izi ndiye ayi," anakana Injiniya. "Chipinda chino ndinachimanga kuti musamalowe phokoso. Inu mukubweretsa fakitale?"

Inenso, ndivomere, ndinayamba kufotokoza kuti kunja sachita choncho, kuti phokoso la makina lidzaononga zonse. Azakhali anandidula.

"Adona, kunjako anasiyitsako amuna anga mowa? Tagwira uku."

Makinawo tinawalowetsa m'kachipinda kagalasi. Malume anakhala, anaponda chopondera, makina anayamba kulira. Anaimba mzere umodzi n'kusiya.

"Sizikugwira. Makina opanda nsalu amalira mopepuka, ngati munthu woseka nthabwala yosaimva. Pakufunika ntchito yeniyeni."

Tonse tinayang'anayang'ana. Munalibe nsalu ina koma katani ya pawindo. Maso a azakhali anatsika pang'onopang'ono mpaka anakaima pamapazi a Injiniya.

"Bambo inu, buluku limeneli anakusokerani ndani? Mdani wanu?"

"Ndi sitayilo, mayi."

"Sitayilo yosesa msewu? Vulani."

"Mayi!"

"Ndalera ana aamuna anayi, palibe chachilendo. Vulani, mufunde kataniyo."

Nyimbo yoyamba ya chimbale cha malume inajambulidwa ndi munthu wokhala pakompyuta atakulunga katani yamaluwa m'chiuno. Malume analemba mzere ndi choko, anadula, anapinda, anaika pansi pa singano. Tchaka-tchaka-tchaka. Ndipo mawu aja anabwera, athunthu, ofunda, ochokera pansi pamimba. Anaimba za nsapato, maso ali pamsoko, osasamala kuti pali maikolofoni. Azakhali analowa ndi mawu apamwamba pakolasi popanda wowapempha. Injiniya anazimitsa kathi-thi kake, anasendeza maikolofoni ina pafupi ndi lamba wa makina, n'kumagwedeza mutu, dzanja limodzi litagwira katani kuti isagwe.

Nyimbo itatha, mwendo umodzi wa buluku unali utathanso. Injiniya anatibwezera kuti timve. Malume anamvetsera mutu uli pansi.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, malume."

"Osamwa kanthu?"

"Ngakhale tiyi simunamwe."

Anaseka, kuseka kwakukulu kogwedeza mapewa, n'kupukuta m'maso ndi mwendo wa buluku la eni ake. "Ndiye kuti Limodzi uja ankandibera! Zaka zonsezi mawu anali anga, iye n'kumaomberedwa m'manja. Bweretsani mwendo winawo, tiimbe yachiwiri."

Tinajambula masiku asanu, masana okhaokha, chifukwa malume anati nyimbo zawo zimadziwa nthawi yake. Gitala ankamuwonjezera pambuyo, nyimbo itagona kale pamakina. Ntchito yanga, ine wa maphunziro akunja, inali yozungulira mumsewu wathu kutolera zong'ambika. Ometa tsitsi anapereka nsalu yofunditsa makasitomala. Okonza mafoni anapereka jekete lakufa zipi. Pa nyimbo yomaliza, yopepesa mkwatibwi uja, malume anasoka kaderesi koyera ka mwana, n'kukatumiza kwa mayiyo, amene pano ali ndi mwana wamkazi. Anayankha ndi uthenga wapafoni woti kakwana, koma manja atalika pang'ono.

Chimbalecho anachitcha "Nsapato Zanga Zilipo". Sichinawatchukitse dziko lonse, koma mumsewu wathu chimalira kuyambira m'mawa. Ometa tsitsi amaimitsa makina pamutu pa munthu n'kunena kuti, "Tamverani apa, nsalu mwafundayi ndi imene ikulira m'nyimbomu." Injiniya amauza oimba onse obwera kwake kuti ng'oma yabwino kuposa zonse imene anajambulapo inali buluku lake, ndipo m'dirowa muja masiku ano mumakhala maswiti a pakhosi.

Dzulo masana ndinali pakampando kanga, ndikudandaula za basi. Malume anaponya sizasi patebulo, anaimirira n'kudziwongola.

"Ulusi wakuda watha. Ndibwera pompano."

Mayi wina amene ankadikira siketi yake anandiyang'ana. "Ndidikire, kapena ndibwere mawa?"

Ometa tsitsi anayankha kudzera pakhoma, ine ndisanatsegule pakamwa: "Khalani pansi, mayi. A Telala akati pompano, ndi pompano."