Tsiku limene ndinasumira mlongo wanga

Mawu akuti wodandaula ndinawaphunzira ndili mayi wa ana atatu, pa benchi ya khoti laling'ono ku Ndola. Wodandaulayo ndinali ine. Wodandaulidwa anali mlongo wanga wobadwa pambuyo panga, yemwe ndinkamubereka kumbuyo ali khanda.

Nkhani yake inali khoma. Bambo atamwalira anatisiyira nyumba ku Kawama, ndipo tinagawana zipinda bwinobwino: iye ndi banja lake kutsogolo, ine ndi amayi kumbuyo. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza wamanga khoma la mabuloko pakati pa bwalo, mpopi wamadzi uli mbali yake. Ankati ana anga amamuthyolera ndiwo m'dimba. Ine ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindikana. M'mawa mwake ndinali kale kwa kalaliki wa khoti kukadula samani.

Kalalikiyo anandifotokozera mofatsa. Samani ndi kalata yoitanira munthu kukhoti. Mlandu wathu sunali wa upandu, woti wina n'kumangidwa, koma mkangano wa anthu awiri. Aliyense abwere ndi mboni, kutanthauza munthu amene anaona ndi maso ake, osati wongomva za m'maluwa. Ndinatuluka ndikuyenda monyada ngati ndagula nsapato zatsopano. Mboni yanga ndinalemba amayi. Mlongo wanga nayenso, atalandira samani, analemba amayi omwewo.

Pa tsiku la mlandu amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Khoti limayenda m'Chibemba, ndipo amayi anagulitsa tomato m'Chibemba zaka zonse zimene bambo ankagwira ntchito ku mgodi. Koma atawapatsa Baibulo kuti alumbire, anayang'ana woweruza n'kunena mwaulemu kuti, "Mukwai, Chibemba ndimachidziwa. Koma ndikagwira buku ili ndimalankhula chilankhulo chimene ndimapempherera."

Womasulira Chinyanja tsiku limenelo kunalibe. Mlandu unaimitsidwa, ndipo apo ndinaphunzira kuti kuimitsa mlandu si kuuthetsa, ndi kungousunthira tsiku lina. Ndinapsa mtima, chifukwa ndinali nditatseka malonda anga. Tinabwerera kunyumba pa minibasi imodzi, amayi atakhala pakati pa ine ndi mlongo wanga.

Patapita milungu ingapo womasulira anabwera kuchokera ku Kitwe, bambo wa imvi, wa jekete lotuwa. Amayi analumbira n'kuyamba umboni wawo. Za khoma sanafulumire nazo. Anayamba ndi chaka chimene mpopi unaikidwa, mmene mwana wawo wamkazi ankasambitsira mlongo wake pamenepo, mwanayo akulira chifukwa madzi a mu Juni amazizira. Anafotokozanso kuti mwana wawo wamwamuna ndiye anakonza mpopiwo utaphulika, pa nthawi imene mlongo wake anali chigonere m'chipatala.

Womasulira ankagwira ntchito yake molondola, monga khoti limafunira. Amayi akati mwana wanga wamkazi, iye ankauza woweruza kuti wodandaula. Akati mwana wanga wamwamuna, iye ankati wodandaulidwa. Ine zilankhulo zonse ziwiri ndimamva, choncho nkhani iliyonse ndinkaimva kawiri. Koyamba tinali ana a mayi mmodzi. Kachiwiri wodandaula ankasambitsa wodandaulidwa pa mpopi. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

Woweruza anafunsa amayi kuti kodi iwo akuona kuti mpopi ndi wa ndani. Anayankha kuti iwo anabwera kudzanena zimene anaona, kugamula ndi ntchito ya khoti. Kenaka anawonjezera kuti, "Chigamulo chikatuluka, mundiuzenso mbali ya khoma imene ndizigona."

Womasulira anawatembenuza mawu amenewo. Ndinayang'ana mlongo wanga, ndinaona akusisita chipumi ndi chala chachikulu, ndendende mmene ankachitira bambo.

Ndinaimika dzanja n'kufunsa ngati munthu angabweze samani imene anadula yekha. Anandiuza kuti n'zotheka, kumatchedwa kuchotsa mlandu, ndipo wodandaula yekha ndi amene angapemphe. Mawu amenewa kalaliki uja sanandiphunzitse, mwina chifukwa tsiku lija sindikanawamva. Ndinapempha, ndipo woweruza analemba.

Sindinganame kuti tinakumbatirana panja. Tinakwiyirana mpaka mvula inagwa. Khoma lilipo mpaka lero, koma Loweruka lina mlongo wanga anabwera ndi hamala n'kugumula mabuloko ena, kusiya khomo loti munthu n'kudutsa ndi ndowa. Ndinamunena kuti khomolo ndi lopindika, iye anati ndikamusumire.

Amayi anadutsa pa khomo limenelo zaka ziwiri, m'mawa kumwa tiyi kwa mwana wawo wamwamuna, masana kudya kwa ine. Atamwalira, bokosi lawo silinakwane pamenepo. Mlongo wanga anatenganso hamala, ine ndinkachotsa mabuloko.