Timakapisozi tofiira ta ba Mutumba

Ba Mutumba Muyangwa anasema ziboliboli pamsika wa Mukuni Park zaka makumi atatu. Tebulo langa linali loyandikana ndi lawo, choncho zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso anga. Ankakhala ku Maramba, munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Ankasema mvuu za mtengo wa mukwa, ndipo mvuu yawo unkaidziwira makutu, ang'onoang'ono, oimirira ngati ikumvetsera. Mowa ankamwanso. Sindibisa.

Pamzere wathu wa osema pali mwambo. Munthu akagulitsa chosema chachikulu, amagulira anzake kachasu. Iye amayamba kumwa, kenaka kapu imodzi yomweyo imazungulira mzere wonse. Wokana timamuyesa wanjiru, wosakondwera ndi mwayi wa mnzake.

Chaka chatha mimba ya ba Mutumba inatupa, maso anachita chikasu. Kuchipatala anawapopa madzi m'mimba, nawauza kuti chiwindi chauma, chadzaza zipsera. Dokotala anati mowa asakhudzenso ngakhale dontho, mchere achepetse, ndipo azibwera mwezi uliwonse. Anamvera miyezi iwiri. Kapu ikafika kwa iwo ankangoipatsira wina.

Tsiku lina Dennis, wosema mnzathu, anagulitsa njovu yaikulu. Kapu itawadutsa ba Mutumba, iye anakuwa: "Ba Mutumba, manje ndimwe abusa? Olo ni jelasi chabe?"

Mzere wonse unaseka. Iwo sanaseke.

Sabata yomweyo akazi awo, ba Namukolo, anabwera ndi kabotolo kamene anagula kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo. Pakabotolopo panalembedwa dzina lakuti astaxanthin. Munali timakapisozi tofiira ngati magazi, ndipo wogulitsayo anati timatsuka chiwindi. Ba Namukolo anagula ndi mtima wabwino, ankafuna amuna awo akhale ndi moyo. Koma ba Mutumba anamva zawozawo: ngati chiwindi chikutsukidwa m'mawa uliwonse, kapu imodzi masana ingawononge chiyani? Anabwerera kukapu, ndipo kuchipatala anasiya kupita.

Ndinawauza kuti, "Mudala, ife osema tidziwa. Mtengo ukang'aluka timathira utuchi na guluu, tapaka polishi, mzungu saona. Koma mng'alu ulipo."

"Iwe Yeta, udokotala unaphunzira liti?" anandiyankha. "Ona, ni tofiira. Tifaka magazi m'thupi."

Ine ndi ba Namukolo tinatenga kabotoloko kukaonetsa namwino. Anawerenga, napukusa mutu. Anati palibe umboni woti timakapisoziti timabwezeretsa chiwindi chimene chauma kale, ndipo tibwere naye wodwalayo msanga. Titawauza, ba Mutumba anakana. Anati kuchipatala amangopopa madzi, madziwo n'kubweranso, pomwe pamzere anthu ayambanso kuwapatsa moni.

Mu Julayi, nyengo ya alendo ambiri, anagulitsa mvuu imene anaisema miyezi inayi, yaikulu kuposa zonse zimene anasemapo. Anainyamula amuna atatu. Ba Mutumba anaitanitsa kachasu monga mwa mwambo. Anatulutsa timakapisozi tiwiri m'thumba, natimeza ife tikuona, kenaka anakweza kapu.

"Ndiye mudala uyo!" anatero Dennis, ndipo tonse tinaomba m'manja.

Kapuyo itafika kwa ine, ndinamwa. Ine yemwe ndinapita kwa namwino uja. Ndinaopa kutchedwa wanjiru pa tsiku lawo lalikulu.

Patapita masiku atatu anasanza magazi patebulo lawo, pamwamba pa timvuu tosapaka polishi. Tinawakweza takisi kupita nawo kuchipatala. Anamwalira mawa lake masana, ba Namukolo atawagwira dzanja.

Tinawaika m'manda Loweruka. Lolemba wina anagulitsa ng'oma, kapu inazungulira monga kale. Patebulo la ba Mutumba pano pali munthu wogulitsa mikanda.

Timakapisozi totsala ba Namukolo ankafuna kutaya, koma Dennis anapita ku Maramba kukatipempha. Maso ake ayamba chikasu.