Phale Lomwe Ndinatsuka ku Zemba

Mdzukulu wanga wamkazi akuti akamaliza sukulu akufuna ntchito yokumba zinthu zakale. Anandifunsa ngati ndinaimvapo. Ndinati ee, ndinaigwirako.

Chinali chaka chomwe ndinapita padera, kwathu ku Zemba, ulamuliro wa Federesheni utangoyamba. Mwana anabadwa osalira. Wotere timati nthayo, samulira maliro, ndipo amuna sauzidwa n'komwe pomwe wagona. Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, anakamuika ndi azimayi anzawo m'mbali mwa dambo. Dzenje lake limakhala losaya, akuti mukakumba kwambiri mayiyo saberekanso. Pamwamba anavundikira kamphika kanga ka ndiwo. Ndinakaumba ndekha, ndipo m'khosi mwake ndinadindamo ndi chibangili changa, poti ndinali mtsikana wokonda zokongoletsa. Masiku ano ngakhale ndolo sindivala.

Mvula itatha kunabwera mzungu wotola mapale, ndi aphunzitsi a kumishoni omumasulira. Munthu wake anali waulemu ndithu, koma mtedza amadya wosakazinga, chisoti chili kumutu. Amuna ankamutolera mapale m'madambo ndi m'mapanga, ife azimayi n'kumatsuka m'beseni. Malipiro anali sopo ndi mchere.

"Kodi kwawoko mbale zinatha?" anatero mnzanga wina. Onse anaseka. Ine ndinkangotsuka. Nthawi imeneyo chilichonse ndinkangochita, kusinja, kutunga madzi, ngati manja ndi a wina.

Tsiku lina matope atachoka pa phale lina, ndinaona madindidwe a chibangili changa. Ndinalitsuka mbali zonse ziwiri n'kuliika padzuwa.

Mzungu analinyamula, wakondwa.

"Akufunsa ngati alipo akudziwa amene ankalemba miphika chonchi," anatero aphunzitsi.

Amayi aakulu anali pambali panga. Anandiponda chala.

"Kaya, aphunzitsi. Ife tingadziwe bwanji?" anatero iwo.

Akanayankha chiyani pamaso pa amuna? Mzungu analemba nambala pa phalelo ndi inki, n'kuliika m'bokosi la udzu. Ine maganizo anali amodzi basi: ngati atola mphika, nanga zapansi pake?

M'mawa mwake amayi aakulu anabwera ndi mphika wawo wakale m'nsalu.

"Tiye, mwanawe."

Mayi wa nthayo sapita pomwe pagona mwana wake, koma tsikulo ananditenga. Tinapeza mapazi a ng'ombe, ndiye kuti ndi zomwe zinaswa mphikawo, anthu anangotola. Dothi linali losakumbidwa. Udzu unali utamera bwinobwino. Amayi aakulu anavundikirapo mphika wawo uja, n'kuutsendera ndi mwala.

"Waona? Alipo."

Ndinagwedeza mutu. Tinabwerera, ndipo ndinakapitiriza kutsuka mpaka mzungu ananyamuka ndi mabokosi ake kulowera ku tauni ya Fort Jameson.

Mdzukuluyo anafunsa ngati inali ntchito yabwino. Ndinati sopo wake amachita thovu. Kenako ndinamuuza kuti akamakatola za m'mbali mwa dambo azikayamba wafunsa azimayi, pambali. Iye ndi mkazi, akamuuza.